Tsiku limene ndinakwecha mfuti ngati poto

Mayi anga ankati poto wakuda kunsi ndi manyazi a mwini khomo. Loweruka lililonse tinkakhala kuseri kwa nyumba ndi mchenga, phulusa ndi kachisaka, n'kumakwecha mpaka munthu uzidziona nkhope pa chivundikiro. Nditakula ndinaphunzira zowotcherera ndi zosula zitsulo, ndipo kumeneko chiphunzitso chinali chomwechi. Dzimbiri ndi mdani, ukaliona ulipale, upake penti, uzipita. Nzeru imeneyi ndinawoloka nayo nyanja, ndipo kuno ku Birmingham ikundidyetsabe mpaka lero. Inadzandipweteketsa kamodzi kokha, pa kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la jekete.

Moyandikana nafe munkakhala mdala wina, mzungu, amene moyo wake wonse anagwira ntchito yosula zipangizo za m'mafakitale. Tsiku lina anandipeza ndikukonza hinji ya geti, anaima n'kumayang'ana mmene ndimagwirira fayilo, osanena kanthu. Mawa lake anagogoda kwathu. Anati manja ake ayamba kunjenjemera, ndipo pali kasikuluwu kamene kakumuvuta kumasula. Ine ndinaganiza za wailesi kapena wotchi. Titalowa m'chipinda chake cha kumbuyo anatsegula kabati yachitsulo, n'kukoka dirowa yoyalidwa nsalu yobiriwira. Munagona tivolovolo tokhatokha, ngati khumi ndi tiwiri, kalikonse ndi kapepala kake komangirira ndi ulusi.

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Kwathu mfuti imakhala ndi msilikali, wapolisi kapena mbava, ndipo mdalayu sanali msilikali kapena wapolisi. Ndinaganiza za mapepala anga okhalira m'dziko la eni, ndinaganiza za akazi anga. Iye anaseka mpaka kutsokomola.

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Ku Britain mfuti za m'manja zinaletsedwa kwa anthu wamba mu 1997, pambuyo pa chiwembu cha ku Dunblane, ku Scotland, cha mu 1996 pomwe munthu anapha ana asukulu ndi mphunzitsi wawo. Koma lamulo la mfuti la 1968 lili ndi kandime, section 58, kamene kamalola munthu kusunga mfuti yamakedzana popanda chiphaso, bola akuisunga ngati chokongoletsa kapena chinthu chochititsa chidwi basi. Siyenera kuwomberedwa, ndipo suyenera kusunga zipolopolo zake. Zimene zimaloledwa ndi zija zimene zipolopolo zake zinasiya kalekale kupangidwa, kapena zothira onga kukamwa ngati gogodela wa agogo athu. N'chifukwa chake, anatero, m'dirowamo munalibe Smith & Wesson Model 1 ya mu 1857 imene ankailakalaka moyo wake wonse. Ndi yakale ndithu, koma chipolopolo chake cha .22 (nambalayi ndi muyeso wa kukula kwa chipolopolo) chikugulitsidwabe mpaka lero, ndiye lamulo siliiona ngati nkhalamba.

Kasikuluwu kaja ndinakamasula. Patapita miyezi ingapo ndinali nditazolowera kumperekeza ku misika ya zida zakale, kumene amuna a imvi amaweramira matebulo ndi timagalasi tokulitsira zinthu ngati akusankha mpunga. Kumeneko ndinagula kanga koyamba pa £90, kavolovolo ka ku Belgium ka 7mm, ka mtundu wa pinfire. Chipolopolo cha mtundu umenewu chinkakhala ndi kamsomali kotulukira m'mbali, ndipo kanyundo ka mfuti kankamenya kamsomaliko kuchokera pamwamba. Anayambitsa nzeruyi ndi Casimir Lefaucheux wa ku France, ndipo mwana wake Eugène ndiye anaiika m'volovolo mu 1854. Chowombera chake chimapindika n'kugona pansi pa mfuti kuti chisakole m'thumba. Kanga kanali kabulauni thupi lonse ngati khasu logonera kumunda, silinda yake, molowa zipolopolo, yosazungulira.

Mdala anandiuza kuti ndibwere nako Lolemba tidzakaonere limodzi. Loweruka linafika ndilibe chochita, akazi anga ali kuntchito, ndipo m'galaja munali galayinda yanga ndi burashi yake yawaya. Safunsa anadya phula. Ndinayamba ndi burashi, ndinabwera ndi sandipepa, ndinamalizira ndi Brasso. Pofika madzulo kamfuti kanali mbee, kakuwala ngati sipuni ya pa ukwati. Ndinakajambula pafoni, ndinakakulunga m'kansalu, ndipo Lolemba ndinapita nako monyadira ngati mwana wobwera ndi lipoti la nambala wani.

Anakalandira, anakatembenuza kawiri, anatenga kagalasi kake. Chete wake anatalika moti ndinayamba kumva wotchi ya pakhoma.

"Unagula pa ndalama zingati paja?"

"£90, achikulire."

"Tsopano ndi ka £30. Tabwera uone."

Anandilozera pa silinda. Pamenepo panali kachidindo kakang'ono, kochepa kuposa njere ya mpunga, kozungulira ngati dzira, mkati mwake muli zilembo E, L ndi G ndi kanyenyezi. Ndi chidindo cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Liège, mzinda wa ku Belgium, imene inayamba mu 1672, ndipo mfuti iliyonse yotuluka mu mzinda umenewu inkayenera kuyesedwa ndi onga wochuluka kaye isanagulitsidwe. Kuyambira mu 1893 pamwamba pa kadzirako anayamba kuikapo kachisoti kachifumu. Ndiye ukaona kachisoti umadziwa kuti mfuti ndi ya pambuyo pa chaka chimenecho, ukapanda kukaona umadziwa kuti ndi yakale kuposa apo. Pa kanga, L ndi G zinkaoneka mwa apo ndi apo, koma mutu wonse wa kadzira ndinali nditaudya ndi sandipepa. Kachisoti kanalipo kapena kanalibe? Palibenso amene angayankhe. M'mphepete monse mmene munali makona akuthwa munali mutasalala ngati sopo wotha, ndipo timaluwa timene munthu wina anagoba ndi dzanja pambali pa mfuti tinangotsala mthunzi.

Chinandiwawa kwambiri si ndalama ayi. Ndine munthu wa zitsulo, ndipo ndinali nditafufuta ntchito ya mnzanga wa zitsulo. Ku Liège mfuti zambiri zotchipazi sizinkapangidwa m'fakitale imodzi. Wamalonda ankagawa ntchito m'makomo, uyu mipope, uyu masilinda, uyu zogwirira, wina kumalumikiza, aliyense kulipidwa pa chidutswa chimene wamaliza. Ndikamva zimenezi ndimaona anthu osula mbaula ndi zidebe ku Ndirande, aliyense pa kashedi kake. N'chifukwa chake ziwalo za timfuti timeneti sizisinthana, ngakhale tiwiri tioneke ngati mapasa. Munthu ankapala chiwalo chilichonse ndi fayilo mpaka chikwane pa mfuti yake yomweyo, n'kudinda kanambala kofanana pa ziwalo zonse kuti zisasokonezeke. Mizere ya fayilo yake ndiyo inali siginecha yake, ndipo ine ndinaichotsa kuti ndizidziona nkhope.

Kuyambira pamenepo mdala anandiyambitsa sukulu, ndipo phunziro loyamba linali la mitundu ya dzimbiri. Pali lofiira, lotukumuka, limene ukalikhudza limatsalira pachala. Limenelo ndi lamoyo, likudya chitsulo, ndipo liyenera kuimitsidwa. Ndiye pali lija lakuda kapena labulauni woderako, losalala, lokhazikika, limene lakhala pamenepo zaka zambirimbiri. Limenelo ndi khungu la mfuti, limaiteteza, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale amalipira ndalama chifukwa cha ilo. Ntchito yonse ndi kuchotsa loyambalo osakhudza lachiwirilo. Zida zake n'zochititsa manyazi kwa munthu wozolowera galayinda: mafuta opepuka, kamtengo kotokosera m'mano, kachidutswa ka kopa, ndi kawaya konga kotsukira mapoto koma kofewetsetsa, kolembedwa 0000. Kopa ndi wofewa kuposa chitsulo, ndiye amathyola nkhanambo ya dzimbiri osakanda pansi pake. Umathira mafuta, umadikira, umapala pang'ono, umapukuta, umayang'ana ndi kagalasi. Malo okwana chikhadabo amatha kukudyera madzulo onse.

Masikuluwu ndiwo amaulula munthu. Mdala akatenga mfuti pamsika sayamba n'kuyang'ana mpope, amayamba ndi mitu ya masikuluwu. Ikakhala yophwanyika m'kamwa, amadziwa kuti padutsa munthu wopupuluma ndi sikuludiraiva ya m'khitchini, ndipo mkatimo mwina mulinso zoopsa zina. Iye anali ndi masikuludiraiva oposa makumi awiri, ndipo iliyonse ankainola kuti ikwane ndendende m'kamwa mwa sikuluwu imodzi. Ina ikakana, sitinkalimbana nayo. Tinkadonthezapo mafuta olowerera n'kuisiya, mawa kudonthezanso, mkuja kugogoda pang'ono ndi kanyundo kamtengo. Ina inatitengera masabata atatu. Tsiku limene inagwedezeka inalira kamodzi, "tswi", ndipo nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu inaomba m'manja ngati timu yake yagoletsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinamuuza m'Chichewa, ndipo nditamasulira anakalemba pa kapepala n'kumata pa kabati.

Sikuluwu imeneyo inali yogwira zogwirira za kavolovolo kena ka pinfire. Titachotsa timatabwa tiwirito, kunsi kwake chitsulo chinali chabuluu bii, chonyezimira, mmene chinatulukira m'manja mwa wopanga, chifukwa kumeneko mpweya ndi thukuta sizinkafika. Kunkanunkha mafuta akale ouma. Kuseri kwa kathabwa kamodzi kunali nambala yolembedwa ndi pensulo, 27, ndipo pa chitsulo panali 27 yemweyo wodinda. Dzanja la wolembayo linali lopendekera kumanja, 7 wake wodula pakati mmene amalembera anthu a ku Ulaya. Tinayang'ana kwa kanthawi, tinajambula, tinabwezeretsa timatabwa. Sitinapukute ngakhale fumbi la pa pensulopo.

Pomaliza penipeni timapaka phula. Limene amagwiritsa ntchito ambiri ndi Renaissance Wax, limene linapangidwa ndi akatswiri a ku British Museum m'ma 1950. Umapaka pang'ono kwambiri, likauma n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Mafuta amayenderera, amakoka fumbi ndipo amafewetsa thabwa, pomwe phula limangokhala phee. Mwambi uja unandipeza kawiri, poti phulalo ndinadzalidziwa nditalidya kale.

Pali zinthu zimene mpaka pano timasiyana maganizo ndi anzanga a m'gulu limeneli. Sipuling'i ikathyoka mkati, ena amasula ina kuti kanyundo kazikokeka ndipo silinda izizungulira. Ine ndimatha kusula sipuling'i, koma ndinasiya. Mfuti imene sindidzawombera, ndipo lamulo silindilola kuwombera, ikufuniranji sipuling'i yatsopano? Yothyokayo ndimaiika m'kathumba n'kumangirira pa kapepala kake. Ena amapakanso utoto wabuluu kapena nickel kuti mfuti ioneke yatsopano, ndipo pamsika zotere zimakopa ongoyamba kumene. Chikomekome cha mkuyu. Ukayang'ana ndi kagalasi umapeza timaenje ta dzimbiri titakwiriridwa pansi pa utoto, zilembo zitafufutika m'mphepete.

Chokongola kwambiri m'dirowa la mdala chinali Colt 1849 Pocket, ya .31, yothira onga ndi kachipolopolo kozungulira kutsogolo kwa silinda. Kampani ya Samuel Colt inapanga zoposa 300,000 za mtundu umenewu kufikira mu 1873, ndipo zina zinapangidwira ku London, kumene anali ndi fakitale ku Pimlico kwa zaka zochepa m'ma 1850. Kuzungulira silinda yake anadindapo chithunzi cha achifwamba akuukira ngolo yokokedwa ndi akavalo. Wogula ankangoona yekha chimene akugulira mfutiyo. Chithunzicho n'chosazama, ndipo mtengo wa mfuti umadalira kwambiri kuchuluka kwa chimene chatsalapo. Pa ya mdala mawilo a ngolo ndi miyendo ya akavalo zinkaoneka bwino. Akanandipatsa ine Loweruka lija, bwenzi akavalo onse atathawa.

Kamene kamandiseketsa ndi Velo-Dog, kamene kanatuluka ku kampani ya Galand ku France m'ma 1890, nthawi imene njinga zinali zitangotchuka. Dzina lake likuchokera ku njinga ndi galu. Anthu opalasa njinga m'midzi ankathamangitsidwa ndi agalu, ndiye anawapangira kavolovolo kosalala kosakola m'thumba, ka chipolopolo chowonda ngati pensulo, ndipo kwa a mtima wachifundo kunali zipolopolo zothiramo tsabola. Aliyense amene anathamangitsidwapo ndi galu ali pa njinga, mwendo umodzi uli m'mwamba, akudziwa kuti maganizo amenewa amabwera. Kungoti kwathu timatola mwala.

Za kufunika kwa dzimbiri, umboni umene mdala ankakonda kundikumbutsa ndi wa ku Paris. Mu June 2019 kumeneko anagulitsa kavolovolo ka Lefaucheux ka 7mm, mtundu womwewo wa kanga, kodyeka ndi dzimbiri moti zogwirira zake kulibe. Mlimi wina anakatola m'munda ku Auvers-sur-Oise cha m'ma 1960, ndipo anthu amakhulupirira kuti ndi kamene Vincent van Gogh, katswiri wojambula uja, anadziwombera nako mu 1890. Kanagulidwa pa €162,500. "Ukanakapeza ndiwe," ankatero, "bwenzi utakapukuta ndi Brasso."

Nkhani imeneyo imaseketsa, koma taonani chimene chinakweza mtengowo. Ndi imfa ya munthu. Apa ndi pamene akazi anga amandigwira. Tsiku lina ndikupaka phula pa tebulo la m'khitchini anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Abambo, mukusisita chinthu chopangira amasiye ngati mukusisita mwana." Ndinalibe poyankha, ndipo mpaka pano yankho lokwanira ndilibe. Timfuti ta m'thumba sitinali ta nkhondo kapena tosakira nyama. Tinapangidwa kuti tibisike, kuti munthu amene waima naye pafupi asadziwe. Mzinda umene ndikukhalawu unalemera ndi malonda amenewa. Dera lozungulira St Chad's Cathedral mpaka lero limatchedwa Gun Quarter, ngakhale mbali yaikulu inagwetsedwa m'ma 1960 pomanga msewu, ndipo nyumba yoyesera mfuti ya mu 1813 ikugwirabe ntchito pa Banbury Street. Mfuti zambirimbiri zotchipa zimene zinkapita ku Africa kukasinthanitsidwa ndi anthu komanso minyanga zinkasulidwa m'misewu imeneyi. Ndikaona kavolovolo ka zogwirira za mnyanga pamsika, ndimadziwa kuti njovu yake sinafere ku England, ndipo za mnyanga sindigula.

Imene mdala ankaikonda kuposa zonse inali British Bull Dog, yopangidwa ndi kampani ya Webley konkuno ku Birmingham. Inatuluka mu 1872, yaifupi, yonenepa, ya zipolopolo zisanu, mpope wake mainchesi awiri ndi theka. Inatchuka moti a ku Liège ndi a ku America anayamba kupanga zawo zofanizira n'kumalembapo dzina lomwelo. Mfuti ya mtundu umenewu ndi imene Charles Guiteau anawombera nayo pulezidenti wa America James Garfield pa siteshoni ya sitima ku Washington pa 2 July 1881. Garfield anavutika mpaka kumwalira pa 19 September, madokotala akupisa zala zosasamba m'bala kufunafuna chipolopolo. Ya mdala inali ya .442, ndipo anaisunga zaka zoposa makumi atatu osaikhudza ndi china chilichonse kupatula nsalu ndi phula.

Kenako zigawenga zinatulukira kandime kaja ka section 58. Zinayamba kugula mavolovolo akale opanda chiphaso n'kupeza anthu opanga zipolopolo zake mobisa. Mu 2017 khoti la ku Birmingham linagamula wogulitsa mfuti wina wa ku Gloucestershire zaka 30 m'ndende chifukwa cha malonda otere, ndipo zipolopolo zake zinapezeka pa malo ambiri pamene panachitika milandu, kuphatikizapo yakupha. Boma linasintha malamulo. Kuyambira pa 22 March 2021 mfuti imawerengedwa yamakedzana pokhapokha ngati inapangidwa pasanafike 1 September 1939 ndipo chipolopolo chake chili pa mndandanda wa zotha ntchito, kapena ndi ya mtundu wakale ngati yothira onga kukamwa kapena ya pinfire. Mitundu isanu ndi iwiri inachotsedwa pa mndandandawo, ndipo .442 inali m'gulu limenelo. Amene anali nazo anapatsidwa miyezi yoti asankhe: kupempha chiphaso, kugulitsa kwa wololedwa, kupereka kupolisi, kapena kuipha mfutiyo.

Anzake ambiri anakwiya, ankati boma likulanga nkhalamba chifukwa cha zigawenga. Ine pamenepa sindinawatsatire. Ndimakhala mu mzinda momwe ana a anthu anaikidwa m'manda ndi mfuti zomwezo, ndipo chitsulo cha mu 1880 sichidziwa kuti chakalamba. Mdala sanakwiye, koma analibenso mphamvu zolimbana ndi mafomu. Anasankha kuipha. Kupha mfuti ndi ntchito ya anthu ololedwa okha. Amadula mpope, amatseka ndi chitsulo, amawotcherera, kenako nyumba yoyesera mfuti imadinda chidindo chake n'kupereka satifiketi. Ndinamuyendetsa ine pa galimoto popita nayo, ataikulunga m'sokosi yaubweya, ndipo njira yonse ankakamba za mpira.

Itabwerako anandipatsa kuti ndione. Kunja inali yomweija, khungu lake labulauni losakhudzidwa. Ndinasuzumira mkati ndi tochi, ndinaona mzere wa kuwotcherera, ndipo mwa chizolowezi cha ntchito ndinayamba kuuweruza.

"Wagwira bwanji?" anafunsa.

"Dzanja labwino, achikulire. Sanatenthe kwambiri."

Anagwedeza mutu n'kuibwezera pamalo pake, pakati pa Colt ndi ka 27 kaja.

Mdala anasamukira kwa mwana wake wamkazi chaka chathachi, ndipo zambiri anagulitsa. Ine ndili ndi tisanu tsopano, tonse ta pinfire, m'kabati yokhoma. Kowala kaja ndinakasunga, kali kumapeto kwa mzere ndi kapepala kake kolembedwa kuti chaka sichikudziwika. Mwezi watha kunabwera msuweni wanga kuchokera ku Leeds, ndipo titadya nsima ndinamutsegulira dirowa. Anadumpha tinayi tabulaunito osatiyang'ana n'komwe, n'kuloza komalizako.

"Koma aka ndiye mwakasamala, achimwene. Tinati mudzatitsuka liti?"